Mtengo wa Nyama ya Ng'ombe Zodya Udzu mu Lusaka

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke akagulitsa ng'ombe yake kumudzi, napita ku Lusaka kukaceza kwa mwana wake wokhala ku Kabwata, kawiri-kawiri abwerako ndi mtima wowawa. Iye alowa m'buchala pamodzi ndi mpongozi wake, aona mtengo wa kilo imodzi ya nyama, nakumbukira kulemera kwa ng'ombe imene anagulitsa, ndipo aganiza kuti wogula uja anamdyera masuku pamutu. Nayenso mpongoziyo ali ndi dandaulo lake. Iye adziwa kuti ng'ombe za kumudzi zidya udzu umene umera wokha popanda wougula, tsono azizwa kuti nyama yake ikwera mtengo cotere cifukwa ninji. Onse awiri afunsa bwino, ndipo yankho lao lili m'masamu ocepa amene banja lililonse likhoza kuwerenga lokha.

MITUNDU IWIRI YA NYAMA

M'mabuchala a mu Lusaka muli nyama ya ng'ombe ya mitundu iwiri. Mtundu woyamba ucokera ku ng'ombe zimene zakula pa udzu wokha, kuyambira pa kubadwa kufikira tsiku lophedwa. Zambiri mwa izo ndi ng'ombe za m'midzi, ndipo ogulitsa achula nyama yake kuti "standard". Mtundu waciwiri ucokera ku ng'ombe zonenepetsa m'khola, ndipo uchedwa "choice". Ng'ombe zimenezi nazonso ziyamba moyo wao pa udzu, koma zikasinkhuka azitsekera m'makola akulu kwa miyezi itatu kapena inai, nazidyetsa gaga, cimanga, zotsalira za mbeu za thonje ndi manyuci a nzimbe. Makola otere ali ambiri ku Chisamba, kumpoto kwa Lusaka, kumene kampani ya Zambeef ili ndi famu yake ya Huntley.

Maso okha akhoza kusiyanitsa nyama ziwirizi. Ya ng'ombe yodya udzu ndi yofiira kwambiri, mafuta ake ndi ocepa ndiponso acikasu, pakuti msipu uli ndi utoto womwewo umene upezeka m'maungu ndi m'makaloti. Ya m'khola ndi yotuwirako, mafuta ake ndi oyera ndi ocindikala, ndipo ifewa msanga pa moto.

Ku America zinthu zili motembenuza. Kumeneko ng'ombe zambiri zimaliza moyo wao m'makola a cimanga, cotero nyama ya udzu ndiyo yosowa, ndipo ofuna nyama yosacuruka mafuta ailipira mtengo woposa. Mau akuti "grass-fed", ndiko kuti yodya udzu, afikanso m'makutu a ogula ena a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene ayesa kuti ndi cinthu catsopano cocokera kunja. Kunena zoona, m'Zambia nyama ya udzu ndiyo nyama wamba. Ndiyo imene mai wa ku Kabwata agula pa mapeto a mwezi, ndipo kawiri-kawiri ndiyo yochipirako pa ziwirizo.

Komabe pali kanthu kena kofunika kukazindikira. Mthenu wa zaka ziwiri kapena zitatu wa mtundu wa Boran kapena Brahman, wokulira pa busa labwino la m'mafamu a ku Mkushi kapena ku Mazabuka, wadya udzu. Ng'ombe yamphongo ya zaka khumi imene yakoka khasu ndi ngolo moyo wake wonse yadyanso udzu. Koma nyama zao sizifanana kufewa, ndipo mitengo yao siingafanane. Cimene cilimbitsa nyama makamaka ndi ukalamba ndi nchito.

KUMENE NG'OMBEZI ZICOKERA

Kalembera wa ziweto wa 2017 ndi 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali ng'ombe pafupi-fupi 3,700,000, ndipo zocuruka koposa zinali m'manja mwa alimi a m'midzi. Cigawo ca Kum'mwera ndico cili ndi ng'ombe zambiri. Aila a ku Namwala atsikira nazo ku madambo a mtsinje wa Kafue madzi akaphwa, ndipo kumeneko zipeza msipu ngakhale m'cilimwe. Alozi acita cimodzi-modzi m'dambo lalikulu la Zambezi ndi ng'ombe zao za nyanga zazitali. Kum'mawa kuli ng'ombe za mtundu wa Angoni, zazing'ono thupi, za linunda, zopirira njala ndi dzuwa.

Malonda a ng'ombe za udzu ndi akale ndithu. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, anayamba kugula ng'ombe kwa Alozi m'caka ca 1901. Matenda a m'mapapo atalowa m'dziko la Alozi mu 1915, malondawo anatsekedwa kwa zaka zoposa 30. Matendawo anabweranso pambuyo pake, ndico cifukwa cake ng'ombe za Kumadzulo aziphera konko ku Mongu, ndipo cimene ciyenda ulendo wa makilomita pafupi-fupi 600 kudza ku Lusaka ndi nyama yokha, m'magalimoto ozizira.

ZA MAKEDZANA M'MABUCHALA A LUSAKA

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935. M'masiku amenewo Kabwata anali malo a anchito acikuda, okhala m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, pamene Woodlands ndi Kabulonga anadzakhala malo a Azungu. M'mabuchala a m'tauni munthu wakuda sanaloledwe kulowa pakhomo. Anagulira pa kazenera ka pambali, nalandira nyama yokulunga kale m'pepala, osaiona, osaisankha. M'caka ca 1954 cipani ca African National Congress, cotsogozedwa ndi Harry Nkumbula, cinauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula m'mabuchala otere. Kenneth Kaunda, amene anadzakhala Pulezidenti woyamba mu 1964, analeka kudya nyama cifukwa ca mnyozo womwewu.

Dziko litalandira ufulu, Boma linagula ng'ombe ndi kugulitsa nyama kupyolera m'bungwe la Cold Storage Board, ndipo linaika mitengo. Citapita caka ca 1991 malondawa anabwerera m'manja mwa makampani ndi anthu wamba. Shoprite anatsegula sitolo yake yoyamba mumseu wa Cairo mu 1995, ndipo Zambeef ndiyo inatenga nchito yogulitsa nyama m'masitolo amenewo. Tsopano palibe womkaniza munthu kulowa ndi kuloza nthuli imene afuna. Comkaniza ndi thumba lake.

KUCOKERA PA KHOLA KUFIKA PA SIKELO

Colakwa coyamba ca mlimi uja ndi kuyesa kuti ng'ombe yonse ndi nyama. Ng'ombe ya kumudzi yolemera makilo 300 ili yamoyo ikaphedwa, nacotsa cikopa, mutu, ziboda, mwazi, za m'kati ndi udzu wodzala m'cifu, cotsala pa mbedza cilemera pafupi-fupi makilo 150, ndilo theka lokha. Ng'ombe yonenepa ya m'khola isiya zoposerapo pang'ono, ndipo yoonda isiya zocepera theka. Mwa makilo 150 amenewo, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi mafupa. Nyama yofewetsetsa ya m'kati mwa msana, imene ogulitsa achula kuti "fillet", pa ng'ombe yotere siifika ngakhale makilo 3. Zambiri ndi nthiti, khosi, cifuwa ndi miyendo, zimene zigulidwa pa mtengo wotsika.

Mwa citsanzo, nyama itakhala pa K100 pa kilo mu Lusaka, mlimi awerenga makilo 300 napeza K30,000. Koma wa buchala ali ndi makilo 150 okha ogulitsa, ndiwo K15,000, ndipo ngakhale ndalama imeneyi aipeza pokha-pokha nthuli zonse zitagulidwa pa mtengo umodzi. Pa ndalamayi pacoke mtengo umene mlimi analandira. Pacokenso galimoto, pakuti kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550. Pacoke kalata ya a Vetenale yolola ng'ombe kuyenda, msonkho wa Khonsolo, malipiro a malo ophera ndi a woyeza nyama, magetsi a cipinda cozizira, lendi ya sitolo ndi malipiro a anchito. Nyama yopacika m'cipinda cozizira itayanso madzi, nipepuka pang'ono tsiku ndi tsiku.

Izi sizitanthauza kuti ogula ng'ombe onse acita cilungamo. Ena afika pamudzi nthawi imene ana afuna ndalama za sukulu kapena m'nyumba muli matenda, nayesa ng'ombe ndi maso okha, nachula mtengo wao-wao podziwa kuti mwini sangakane. Ndiponso cikopa, mutu, ziboda, ciwindi ndi matumbo sizitayidwa ai. Zonsezi zili ndi msika wake mu Lusaka, ndipo mlimi ayenera kuzikumbukira pokambirana mtengo.

Nalonso ganizo la mpongozi uja, lakuti udzu ndi waulere, lili ndi polakwika. Ng'ombe ya kumudzi itenga zaka zinai kapena zisanu kuti ifike pa msinkhu wogulitsa. Zaka zonsezo ifuna mbusa, madzi, katemera ndi mankhwala a dibi opha nkhupakupa. Kum'mawa cigodola cipha mathole ambiri, ndipo Kum'mwera matenda a denkete anatha makola athunthu. Ng'ombe imodzi yofika pa msika isenza mtengo wa zinzake zimene zinafera m'njira.

MASAMU A MAI WA PA NYUMBA

Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection liwerenga mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu asanu lifuna kuti likhale bwino mu Lusaka, kuphatikiza cakudya, lendi, makala, madzi ndi sopo. M'caka ca 2024 ndalamazo zinapitirira K10,000 pa mwezi. M'caka comweco malipiro ocepetsetsa amene lamulo linaika kwa wanchito wa m'nyumba anali K1,300, ndipo thumba la ufa woyera la makilo 25 linapitirira K300. Mai wogwira nchito m'nyumba ya ku Kabulonga masiku 26 pa mwezi pa malipiro amenewo apata K50 pa tsiku. Kilo ya nyama itakhala pa K100, imdyera thukuta la masiku awiri, ndipo banja liimaliza pa cakudya cimodzi kapena ziwiri. Nkosadabwitsa kuti m'nyumba zambiri nyama ya ng'ombe ioneka pa tsiku la malipiro, pa Sabata kapena pakabwera mlendo, ndipo masiku ena onse ndi a nyemba, kapenta, mazira, soya ndi repu.

Tsono popeza nyama ndi ya kamodzi-kamodzi, mpofunika kuigula mwanzeru. Mtengo wolembedwa pa cikwangwani ndi ciyambi cabe ca masamu. Cofunika kudziwa ndi mtengo wa nyama imene ifika m'mbale.

Coyamba ndi mafupa. Nyama yosakaniza, imene m'mabuchala ichedwa "mixed cut", ioneka yochipa. Koma itakhala pa K80 pa kilo, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu likhale mafupa ndi mafuta, mnofu weni-weni ulipo pafupi-fupi magalamu 670, ndipo mai waulipira monga K120 pa kilo. Ngati pambali pake pali mnofu wopanda fupa pa K120, mitengo iwiriyi ndi imodzi. Si kuti fupa lilibe nchito. Lipatsa msuzi wokoma umene ukwanira ana ambiri pa nsima, ndipo pa banja lalikulu msuzi ndiwo utha nchito. Koma mai agule fupa podziwa kuti agula fupa, ndipo ali ndi ufulu wopempha kuti aone nthuli zisanakulungidwe.

Apa nyama ya udzu ili ndi ubwino umene ambiri saona. Popeza mafuta ake ndi ocepa, kilo yake ili ndi mnofu wocuruka kuposa kilo ya nyama yonenepa, imene mafuta ake asungunuka mumphika kapena adulidwa ndi kutayidwa. Nyama iliyonse ikapsa icepa ndi gawo limodzi mwa magawo anai kapena atatu, koma yonona icepa koposa.

Caciwiri ndi moto, ndipo apa ndi pamene nyama ya udzu ibweza ngongole. Nthuli za ng'ombe yokalamba zifuna maola awiri kapena atatu pa mbaula, pamene nyama ya mthenu wa m'khola ipsa ola lisanathe. Kumudzi nkhuni atola kuthengo, koma mu Lusaka makala agulidwa, ndipo mtengo wake uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi wa nyama. Amai ozolowera acepetsa vutoli mwa kudula nthuli zazing'ono mopingasa mitsempha, kubvundikira mphika bwino ndi kuphika pa moto wodekha, pakuti moto waukali uumitsa nyama yopanda mafuta. Ena aphika nyama ya masiku awiri pa moto umodzi. Amene ali ndi mphika wotseka nthunzi afewetsa nyama yolimba pa nthawi yocepa kwambiri.

Cacitatu ndi ulendo. Pakati pa mzinda, kufupi ndi msika wa Soweto ndi City Market, pali mabuchala ambiri opikisana, ndipo kumeneko nyama kawiri-kawiri itsikako mtengo. Wokhala ku Kabwata ali pafupi. Koma wokhala ku Chelstone, malo amene wocokera Kum'mawa awapitirira polowa mumzinda pa mseu wa Great East, alipira basi kupita ndi kubwera. Akapita kukagula kilo imodzi yokha, cimene wapulumutsa pa nyama watayira pa basi. Ulendo wotere upindula pokha-pokha ngati agulanso tomato, anyezi, nyemba ndi zina pa tsiku lomwelo. M'masitolo akulu a ku Woodlands ndi Kabulonga nyama ili yodula-dula kale, yoikidwa m'timbale ndi kukutidwa ndi pulasitiki, ndipo wogula alipiranso kambale, magetsi ndi lendi ya malowo.

Mabanja ena a pa nchito imodzi kapena a mpingo umodzi asonkha ndalama nagula mwendo wathunthu kapena gawo limodzi mwa magawo anai a ng'ombe, nagawana. Mtengo pa kilo utsikadi, koma njirayi idalira firiji. M'caka ca 2024 madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo nthawi zina nyumba za mu Lusaka zinalandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. Nyama yosungunuka ndi kuumanso kawiri-kawiri ionongeka, ndipo kutaya makilo 5 kufafaniza phindu lonse. Amene anakumbukira nzeru ya kumudzi, ya kulenga nyama, kuithira mcere ndi kuiwamba pa moto, anapulumutsa yao.

Pomaliza pali za m'kati. Ciwindi, mtima, impso, cifu ndi matumbo, kudzanso ziboda zimene mu Lusaka zichedwa vimbombo, zambiri zigulidwa mochipa kuposa mnofu. Ciwindi cionjezera mwazi m'thupi kuposa mnofu, ndipo kacidutswa kake kathandiza mwana wamng'ono kuposa nthuli yaikulu.

NYAMA YOCHIPA KOPOSA MUYESO

Pali nyama ina imene iyenda m'makomboni m'mabeseni ndi m'matumba, pa mtengo wotsika modabwitsa. Ina ndi ya ng'ombe zakuba, ina ndi ya ng'ombe zofa zokha. M'caka ca 2023 matenda a anthrax anabuka ku Sinazongwe, nafalikira ku zigawo zambiri, ndipo anthu anadwala ndi ena kufa atasenda kapena kudya nyama ya ziweto zofa ndi matendawo. Nyama yophedwa pa malo ololedwa iyezedwa, ndipo iikidwa cidindo. Wogula aciyang'ane. Nayenso mlimi akapeza ng'ombe yafa mwadzidzidzi, mwazi wakuda wosaundana ukutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, asaitumbule, asaigawe, asaigulitse. Aitane a Vetenale, ndipo mtembo utenthedwe kapena ukwiriridwe m'dzenje lakuya.

ZIMENE MLIMI ANGACITE

Ng'ombe ya udzu itsata nyengo. Inenepa m'dzinja, nifika pacimake m'masika, m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni. Udzu ukauma utaya mphamvu, moto wa chire utentha wotsala, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala ng'ombe yomweyo yataya gawo limodzi mwa magawo khumi a thupi lake kapena kuposa. Mwatsoka alimi ambiri agulitsa pa nthawi yomweyi, pofuna ndalama za mbeu ndi feteleza. Ng'ombe yoonda iluza kawiri, pakuti makilo ake acepa, ndiponso iikidwa pa gulu lotsika la nyama. Caka ca cilala cionjezera vutoli. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo m'madera a Kum'mwera ndi Kumadzulo msipu ndi madzi zinatha msanga. Pa caka cotere wogulitsa msanga, ng'ombe zikali ndi thupi, ndiye apeza bwino.

Wofuna kugulitsa m'cilimwe, pamene ng'ombe zonenepa zisowa pa msika, asunge mapesi a cimanga ndi masangwe a nshawa pa thandala m'malo mwa kuzitentha, adule udzu usanakhwime nauumitse, ndipo apatule ng'ombe imodzi kapena ziwiri zogulitsa kuti aziziwonjezera gaga pang'ono madzulo.

Msinkhu nawonso ndi ndalama. Wogula wodziwa nchito atsegula pakamwa pa ng'ombe nawerenga mano a pansi. Mano awiri akulu aonetsa zaka pafupi-fupi ziwiri, ndipo onse asanu ndi atatu akakwanira ng'ombe yafika zaka zinai kapena zisanu. Mano operepeseka aonetsa ukalamba, ndipo mtengo utsika. Mphongo zosafunika pa mbeu zifulidwe zikali zazing'ono, ndipo zosafunika pa goli zigulitsidwe zisanakalambe.

Ndipo ng'ombe isagulitsidwe poiyesa ndi maso. Kumene kulibe sikelo, a Vetenale ndi alangizi a ziweto adziwa kagwiritsidwe ka lamba woyezera, amene azunguliza pa cifuwa ca ng'ombe kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, nawerenga makilo pa lambayo. Mlimi afunsenso ngati mtengo umene wogula achula ndi wa kilo ya ng'ombe yamoyo kapena wa kilo ya nyama pa mbedza, pakuti K25 pa ng'ombe yamoyo ndi K50 pa mbedza zifika pa ndalama yofanana. Alimi a mudzi umodzi akasonkhanitsa ng'ombe zokwanira kudzaza galimoto, natenga kalata ya a Vetenale ndi umboni wa Apolisi wakuti ng'ombezo ndi zao, akhoza kupita nazo okha ku malo ophera ndi kuona ndi maso ao zimene sikelo inena.